Makala, gasi, magetsi kapena nkhuni: ndi moto uti ukusunga ndalama ku Salima ndi ku Nkhotakota?

Thumba la makala limene anthu amalitcha la 50 nthawi zambiri silifika makilogalamu 50. Dzinalo ndi la feteleza kapena chimanga chimene chinakhalamo kale. Makala ndi opepuka, n'chifukwa chake owotcha amalukira mutu wa timitengo ndi luzi pamwamba kuti thumba lioneke lonenepa. Mukalikhuthula mupeza pansi pake fumbi ndi tizidutswa tongogwera m'mabowo a mbaula, mwinanso zikuni zosapsa bwino zimene zimangofuka utsi. Amene amagula pa kajumbo tsiku ndi tsiku, kaya pa Kamuzu Road kaya pa msika wa Nkhotakota boma, amalipira zambiri pa kilogalamu kuposa wogula thumba, ngakhale m'thumba mwake mukutuluka ndalama yochepa pa tsiku.

Apa ndi pamene kuyerekeza kumasokonekera. Anthu amayerekeza mtengo wa thumba ndi mtengo wodzaza silinda ya gasi, n'kunena kuti gasi ndi wa mabwana. Chofunika kuyerekeza ndi kutentha kumene kwalowadi mumphika, chifukwa kumene kwapita m'mwamba ndi utsi munakulipira koma simunakudye.

Muyeso wake ndi uwu. Kilogalamu imodzi ya gasi ili ndi mphamvu yofanana ndi mayunitsi a magetsi pafupifupi 13, ndipo chitofu cha gasi chimalowetsa mumphika zoposa theka pang'ono, tinene mayunitsi 7. Kilogalamu ya makala abwino ili ndi mayunitsi pafupifupi 8, koma mbaula yachitsulo chokhachokha imalowetsa gawo limodzi mwa magawo asanu, mbaula yomata dongo m'kati gawo limodzi mwa atatu ikachita bwino. Nkhuni zouma zili ndi mayunitsi 4 ndi kanthu pa kilogalamu, ndipo pa mafuwa zochuluka zimangowotha mphepo. Ndiye kilogalamu imodzi ya gasi imagwira ntchito ya makilogalamu 4 a makala pa mbaula yachitsulo, makilogalamu 3 pa yadongo, mayunitsi 11 kapena 12 pa hotipuleti, ndi makilogalamu a nkhuni oposa 12 pa mafuwa. Silinda ya makilogalamu 9 ndi makala apakati pa makilogalamu 35 ndi 40 pa mbaula yachitsulo, kapena mayunitsi 100 ndi pang'ono.

Sitiika mitengo ya lero pano chifukwa isanathe miyezi itatu ikhala itasintha. Pitani nalo thumba lanu pa sikelo ya ogula mbewu, chotsaniponi kulemera kwa fumbi, gawani mtengo ndi makilogalamu otsalawo. Mtengo wa kilogalamu ya makalawo muuchulukitse kanayi, kapena katatu ngati mbaula yanu ndi yadongo. Ngati yankho laposa mtengo wa kilogalamu ya gasi, makala akukudyerani ndalama. Chitani chimodzimodzi ndi risiti ya mayunitsi: ndalama zonse zimene munalipira, kuphatikizapo misonkho, muzigawe ndi mayunitsi amene analowa mu mita, kenaka yankholo mulichulukitse ka 11 kapena 12 ngati mumaphikira hotipuleti.

Makala

Mphamvu ya makala ndi yoti amapezeka paliponse, amagulika ndi ndalama iliyonse, ndipo sadikira dola. Nsomba yowotcha ndi chimanga chootcha zimafunadi makala. Koma ali ndi kuwononga kumene muyeso uja sunawerengere: moto suzima mukamaliza kuphika. Mwaphika tiyi wa mphindi khumi, makala akupitiriza kuyaka ola lathunthu. Banja lophika tinthu ting'onoting'ono kangapo pa tsiku limataya makala ambiri m'njira imeneyi kuposa amene limaphikira. Njira yake ndi kupana makala otsala ndi kuwaika m'chitini chokhala ndi chivindikiro chothina. Akasowa mpweya amazima okha ndipo mawa amayakanso msanga. Kuwathira madzi kumawaphwanya, komanso kumang'ambula dongo la mbaula.

Pogula, makala abwino amalira ngati chitsulo mukawagundanitsa, ndipo pothyoka pamanyezimira. Olemera modabwitsa m'nyengo ya dzinja amwa madzi. Mtengo umakwera mvula ikayamba chifukwa owotcha ali kumunda, ng'anjo zikunyowa, ndipo njinga sizikudutsa m'matope, choncho amene ali ndi pouma posungira agule mu Seputembala kapena Okutobala.

Mbaula ya makala isalowe m'chipinda chogona, ngakhale mu Juni mwera ukamaomba kuchokera kunyanja. Makala oyaka amatulutsa mpweya wakupha wopanda fungo ndi mtundu. Umayamba ndi mutu ndi chizungulire, munthu n'kugona osadzukanso.

Pa nkhani ya lamulo tinene mosapsatira. Lamulo la nkhalango la 1997, limene linakhwimitsidwa mu 2020, limafuna chiphaso kwa wowotcha makala, ndipo zilango zake ndi zowawa. Cholinga chake n'chomveka: ng'anjo yadothi imadya makilogalamu a nkhuni pakati pa 7 ndi 10 kuti itulutse kilogalamu imodzi ya makala, ndipo aliyense wodutsa msewu wa M14 kuchokera ku Lilongwe amaona mmene mapiri ozungulira nkhalango ya Thuma anayerera. Koma kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja oposa 9 mwa 10 aliwonse m'Malawi amaphikira nkhuni kapena makala. Chinthu chimene pafupifupi dziko lonse likudalira sichitha ndi zipata za pamsewu. Chipata chimangowonjezera mtengo wa thumba, ndipo ndalama yowonjezerayo siipita kobzala mitengo. Chanzeru chikanakhala kufewetsa chiphaso kwa munthu amene wabzala mitengo yake pamalo pake, kuti wowotcha wakhama azigulitsa masana.

Gasi

Gasi amapambana pa zophika zachangu: phala la ana opita kusukulu, tiyi, mazira, usipa, ndiwo zamasamba, nsima ya banja laling'ono. Mukatembenuza kabatani moto wayaka, mukatseka ndalama yasiya kupsa. Mbali imodzi ya chitofu ikamayaka mwamphamvu imadya magalamu pafupifupi 150 mpaka 200 pa ola, choncho silinda ya makilogalamu 9 imapereka maola pakati pa 45 ndi 60. Mukamaphika maola awiri pa tsiku ndi mwezi wosakwana. Mukaikapo nyemba zosaviika za maola atatu kawiri pa sabata, musadabwe silinda ikatha pa 20.

Khomo lolowera ndi lodula. Pafunika silinda, regulator (kachipangizo ka pakamwa pa silinda kochepetsa mphamvu ya gasi), paipi, zomangira ziwiri zachitsulo ndi chitofu. Silinda yaing'ono ya makilogalamu 3 kapena 6 yokhala ndi choyatsira pamwamba pake ndi yotchipa kuyambira, koma ndi yaitali ndipo imagwedezeka. Povundula nsima kapena kondowole wolimba uja wa ku Nkhotakota pamafunika wina wogwira mphika. Chitofu chapatebulo chokhala ndi paipi ndi chokhazikika.

Zimene zimavuta pa gasi ndi zodziwika. Choyamba ndi kubedwa podzaza. Silinda iliyonse ili ndi nambala yolembedwa pa chogwirira kapena pa phewa lake yosonyeza kulemera kwake ikakhala yopanda kanthu. Ikadzazidwa iyenera kulemera nambala imeneyo kuphatikiza makilogalamu amene mwalipira. Onani sikelo ndi maso anu isanadzazidwe ndi itadzazidwa. Chachiwiri ndi kudontha. Sungunulani sopo m'madzi, pakani thovu pa regulator ndi kumapeto onse a paipi. Pamene pakufufuma timabaluni ndi pamene pakudontha. Osayesa ndi machesi. Paipi ikhale yopangidwira gasi, osati yothiririra dimba, ndipo ikayamba kuuma ndi kuonetsa ming'alu isinthidwe. Kutentha kwa kunyanja kuno kumaumitsa mphira msanga, ndiponso makoswe amaitafuna.

Gasi ndi wolemera kuposa mpweya, amatsikira pansi n'kudzaza m'munsi mwa nyumba ngati madzi. Mukamva fungo lake tsekani regulator, tsegulani zitseko zonse, musakhudze switchi ya magetsi, musayatse kanthu. Silinda iziima chilili, pamthunzi, osati padzuwa la Novembala kapena pafupi ndi mbaula. Lawi labwino ndi la buluu. Likakhala lachikasu n'kumadetsa mapoto, timabowo ta choyatsira tatsekeka kapena mpweya sukulowa mokwanira, ndipo mukuwotcha gasi wosapsa bwino. Amene amaphikira pakhonde aike chotchinga, chifukwa mwera umakankhira lawi kumbali n'kudya gasi wambiri pa mphika womwewo.

Chofooka chachikulu cha gasi si cha m'khitchini. Gasi yense amachokera kunja ndipo amagulidwa ndi ndalama zakunja. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse cholowa pa chipata cha dziko chinatsatira. Phunziro lake tinaliona pa mafuta a galimoto. Petulo anakhala pa K2,530 pa lita kuyambira Novembala 2023 mpaka pamene bungwe loona za mitengo ya mafuta ndi magetsi la MERA linakweza mtengo mu Okutobala 2025, koma mtengo umenewo unali wa pa chikwangwani. Wa kabaza wa njinga yamoto amagona pamzere kapena kugula m'zigubu pa mtengo woposa pamenepo kutalitali. Boma likhoza kulamula mtengo, silingalamule kuti katundu apezeke pa mtengowo. Mtengo wokanikizidwa umalipidwabe, kungoti umalipidwa ndi maola a pamzere ndi ndalama ya kuseri, ndipo amene amavutika kwambiri ndi wa kutali ndi tauni. Ndiye musanadalire gasi funsani kuti wodzaza wapafupi ali kuti, ndipo akasowa katundu wina ali kuti. Wa ku Senga Bay kapena ku Dwangwa awerengere ndalama ya ulendo pa mtengo wa kilogalamu. Masilinda awiri aang'ono amaposa imodzi yaikulu: ina ikatha mukuphikira inayo uku mukusaka kodzaza.

Magetsi

Pali chinthu chimene chimadabwitsa alendo. Ku Salima kuli malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 60 amene kampani ya JCM inatsegula mu 2021, ndipo ku Nkhotakota kuli ena a mamegawati 21. Onsewa anamangidwa ndi ndalama za makampani osati aboma, umboni woti mpata ukatseguka eni ndalama amabwera. Komabe mudzi woyandikana ndi mapanelowo umazimiridwa ngati wina aliyense, chifukwa magetsiwo amagulitsidwa ku ESCOM n'kulowa mu nthambo za dziko lonse. Komanso dzuwa limalowa nthawi yomweyo imene aliyense akuteleka mphika wa madzulo. Magetsi a madzulo amadalirabe mtsinje wa Shire, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022 dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo amene anali ndi kuka yamagetsi yokha m'nyumba anabwerera ku makala mothamanga. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Izi sizikutanthauza kuti magetsi ndi osathandiza. Zimadalira chipangizo. Hotipuleti ndiyo yowononga kwambiri: mbali imodzi ya mawati 1,000 imadya yuniti pa ola, imachedwa kutentha, ndipo poto wopindika kunsi amakhudza chitsulo pang'ono chabe. Ya mbali ziwiri imakoka mawati 2,000 kapena kuposa, pamene soketi wamba imapirira pafupifupi 3,000. Mukailumikiza pa ekisitenshoni yotchipa pamodzi ndi ketulo, pulagi imasungunuka, ndipo nyumba zambiri zapsa chonchi. Kuka yaikulu ya uvuni imafuna nthambo yakeyake yokhuthala, ya mamilimita 6, ndi buleka yakeyake kuchokera pa bolodi.

Chitofu cha induction, chotenthetsa poto ndi mphamvu ya maginito, chimalowetsa mumphika magawo 8 mwa 10 kapena kuposerapo, koma chimasankha mapoto. Ikani maginito kunsi kwa poto; akapanda kumata, chitofucho sichiyaka. Mapoto athu a aluminiyamu osulidwa pamsika sagwira ntchito pamenepo, ndiye mtengo weniweni wa chitofuchi ndi chitofu kuphatikiza mapoto atsopano.

Chimene tingalimbikitse ndi mtima wonse ndi pressure cooker yamagetsi ya malita 6, mphika wotseka mothina umene umapsetsa chakudya ndi mphamvu ya nthunzi. Imakoka mawati pafupifupi 1,000, koma ikangofika pa mphamvu ya nthunzi imadzizimitsa n'kumangoyaka mwa apo ndi apo, chifukwa ndi yokutidwa bwino. Nyemba zoviika usiku zimapsa pa mphindi 30 mpaka 40 ndi magetsi osakwana theka la yuniti. Nyemba zomwezo pa mbaula zimadya makala oposa kilogalamu. Nkhuku yachikuda, nyama ya mbuzi, nandolo, mpunga wa ku Lifuwu, zonsezi ndi ntchito yake. Nsima ya banja lalikulu siyake ayi. Mphika wake ndi wopyapyala ndipo mthiko umakanda chokutira cha m'kati. Musadzaze nyemba kupitirira theka chifukwa thovu limatseka kabowo kotulukira nthunzi. Mphira wa pa chivindikiro ukatha nthunzi imathawa ndipo chakudya sichipsa, choncho funsani wogulitsa ngati mphira wapadera amakhala nawo musanalipire. Ikaninso chotetezera cha mtundu wa pa firiji chija, chifukwa magetsi akamabwerera atazima ndi pamene tizipangizo ta m'kati mwa mphikawo timapsa. Ubwino wina ndi woti magetsi akazima nthunzi itakwana kale, chakudya chimapitiriza kupsa chokha.

Sola ya panyumba ndi yabwino pa kuwala, foni, fani, wailesi yakanema ndi firiji yaing'ono. Pa kuphika masamu ake ndi owawa. Batire la 12V la 100Ah limasunga yuniti imodzi ndi kanthu, ndipo ngati ndi la asidi mukhoza kugwiritsa theka lokha osaliwononga. Ameneyo ndi mphika umodzi wa nyemba, nyumba n'kugona mumdima. Kutentha kwa ku Salima ndi ku Nkhotakota kumafupikitsanso moyo wa batire la asidi. Amene ali ndi mapanelo a mawati 600 kupita m'mwamba, inveta (chosinthira magetsi a batire kukhala a m'nyumba) ya mawati 1,500 kapena kuposa ndi batire la lithium akhoza kuphikira pressure cooker masana dzuwa lili paliwombo. Hotipuleti pa sola ndi kupha batire dala.

Palafini sitichedwapo: ndi wochokera kunja ngati gasi, amanunkhitsa chakudya, ndipo sapezeka mwachisawawa.

Nkhuni, ndi dengu

Kwa banja la kumudzi lokhala ndi malo, nkhuni ndizo zotchipa kuposa zonse, pokhapokha zikhale zanu. Ku Nkhotakota nkhalango yosungirako nyama, imene bungwe la African Parks likuyang'anira kuyambira 2015, inatchingidwa ndi mpanda, ndipo masiku ongolowa kukatola momwe munthu wafunira anapita. Mtengo wopanda mwini umadulidwa ukadali nthete, chifukwa aliyense amadziwa kuti akausiya mnzake audula mawa. Mtengo wa pa malire a munda wanu mumaudikira ukule.

Keshya, nimu ndi gliricidia zimachita bwino m'chigwa chotentha cha kunyanja ndipo zimaphukira mukadula. Mukabzala keshya motalikana mamita awiri mbali zonse, hekitala imalowa mitengo 2,500, ndiye ngakhale kachigawo ka mamita 20 m'litali ndi 20 m'lifupi kamalowa mitengo 100. Yoyamba kudula imakhala itakwana zaka zinayi kapena zisanu. Dulani mosendeza, pafupifupi chikhatho chimodzi kapena ziwiri kuchokera pansi, kuti madzi asakhazikike pa chitsa, ndipo mphukira zikatuluka siyani ziwiri kapena zitatu zamphamvu. Gawani mundawo m'zigawo kuti chaka chilichonse muzidula chimodzi. Adani ake ndi mbuzi zongoyenda zokha m'chilimwe, chiswe ndi moto wa osaka mbewa. Chaka choyamba mbande iliyonse imafuna kampanda ka minga. Bulugamu amakula msanga koma musamuike pafupi ndi chitsime kapena dimba.

Nkhuni yaiwisi pafupifupi theka la kulemera kwake ndi madzi, ndipo moto umayamba wawiritsa madziwo usanatenthe mphika. Iwazeni ikadali yaiwisi, iunjikeni pa miyala pansi pa denga miyezi ingapo. Chitetezo mbaula, ya dongo lowotcha ija, imachepetsa nkhuni ndi gawo limodzi mwa atatu kapena kuposerapo poyerekeza ndi mafuwa, ndipo imalandira zitsononkho ndi mapesi a nandolo. Imafuna timitengo tiwiri kapena titatu tating'ono, osati chikuni chodzaza khomo lake.  Imene munthu wagula ndi ndalama yake kwa woumba wa m'mudzi amaisamala, ndipo ikang'ambika amadziwa kopita.

Fumbi la pansi pa thumba lija musataye. Lisefeni, phikani phala lopyapyala la ufa wa chinangwa, sakanizani muyeso umodzi wa ufa pa miyeso khumi ya fumbi, umbani timibulu, yanikani masiku atatu mpaka asanu. Timayaka pang'onopang'ono ndipo timasiya phulusa lambiri, choncho ndi ta nyemba, osati ta nsima yofulumira.

Chida chotchipa kuposa zonse sichidya moto n'komwe. Tengani dengu lalikulu, yalani m'kati mwake thonje, nsanza zoyera kapena bulangeti lakale kukhuthala kwa zala zinayi kapena zisanu mbali zonse, sokani kapilo kovundikira pamwamba. Nyemba zoviika ziwire mwamphamvu pamoto mphindi 15 mpaka 20, osachepera pamenepo, kenaka mphika ulowe m'dengu uli chivindikirire. Pakatha maola atatu kapena anayi zapsa. Mpunga umafuna kuwira mphindi zisanu zokha, m'dengu theka la ola kapena kuposerapo pang'ono. Osavundukula kuti muone. Kutentha kukathawa sikubwerera. Dengu limeneli limagwira ndi moto uliwonse, ndipo kwa wophikira gasi ndi limene limachititsa silinda kufika kumapeto kwa mwezi.

Ndani atenge chiti

Wantchito wa pa boma wokhala m'nyumba ya mita ayambe ndi pressure cooker, kenaka silinda, mbaula yadongo ikhale yodikira tsiku loti zonse ziwiri zavuta. Wa lendi wogawana mita ndi anzake apite ku gasi ndi dengu, chifukwa mkangano wa mayunitsi umayamba tsiku limene wina walowetsa hotipuleti. Wophika tchipisi kapena wa lesitilanti amene moto wake suzima kuyambira m'mawa mpaka usiku alibe vuto lija la makala opsa pachabe, choncho kwa iye makala kapena nkhuni pa chitofu chomangidwa ndi njerwa zikhoza kupambanabe. Achite masamu a sikelo aja asanasinthe. Wa kumudzi aike ndalama yake pa mbande ndi mbaula yadongo. Nazale ya mbandezo imafesedwa m'machubu cha mu Ogasiti kapena Seputembala, kuti zikhale zitafika kutalika kwa chikhatho ndi theka pamene mvula yakhazikika mu Disembala, ndipo mbewu ya keshya imamera msanga mukaiviika usiku umodzi m'madzi amene munawiritsa n'kuwaphula.